Makadi pa Mphasa ya Adada Akulu

Mzimba Boma,
Lachinayi masana.

Tawonga mwana wanga,

Tulutsa chikwama chija unabisa kuseri kwa matumba a chimanga m'shopu ya amayi ako, upinde zovala bwinobwino, ulongedze anthu akuona. Adada akulu avomera. Mawa ukukwera basi ya ku Lilongwe pa Jenda ngati mwana wotumidwa ndi kwawo, osati ngati wothawa. Ndangotsika pikapu ya ku Euthini, fumbi lidakali m'makutu, ndipo ndakhala pabenchi kuseri kwa msika kuti ndikulembere ankhazi ako, mlongo wathu, asananyamuke kubwera uko ndi kalatayi. Ine sindibwera. Kuyambira mawa m'mawa ndili pa ntchito yolondera moto ku Luwawa, ndipo mwezi wa Okutobala munthu sachoka m'nkhalango ngakhale ukwati ukhale wake womwe.

Za chikwamacho usafunse kuti ndadziwa bwanji. Amayi ako anandiimbira sabata yatha akulira. Anati ukapita popanda mawu a adada akulu mlandu ukhala wawo, anthu adzati mkazi wa ku Dedza waphunzitsa mwana wa a Mhlanga kuthawa. Ukudziwa mmene zilili kuno kwathu. Ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, ndiye iwe ndiwe wa kuchimuna, ndipo chimwalirireni abambo ako wokumasula ndi mkulu wawo. Si amayi ako, komanso si ine amene umanditcha adada aang'ono pomwe timangosiyana zaka zisanu ndi zitatu. Ukanapita mwa iwe wekha ntchito ukanaipeza, koma mudzi ukanautaya, ndipo amayi ako akanautayira limodzi nawe. Masabata atatu ndakhala ndikudya osamva kukoma, makamaka podziwa kuti amene anayamba kuononga nkhaniyi ndine.

Ku nyumba ya juga kumene ukupitako akakuphunzitsa kugawa makadi anthu ovala mataye, ndipo pakutha pa mwezi udzaidziwa poka kuposa ine. Komabe tamva zimene ine ndinaphunzira mochititsa manyazi, kuti iwe usakalipire mtengo womwewo.

Nditafika ku Luwawa ndi digiri yanga ya zankhalango, ndinali ndi chikalata cha masamba khumi ndi awiri cha mmene ndisinthire zonse, kuyambira kunazale mpaka kumacheka. Sabata yoyamba yomweyo ndinapeza gulu lozimitsa moto litakhala m'shedi masana, likusewera makadi pa thabwa la paini. Ndalama panalibe. Machesi saloledwa nyengo ya moto, ndiye ankaponya zitsekerero za mabotolo, ndipo amene zamuthera ndiye ankakatunga madzi a gulu lonse. Ndinawalamula kuti asiye. Anandiyankha a Nkhata, mdala wonola macheka amene anakhala zaka zambiri ku Joni akusesa m'nyumba ya juga. Sanadzuke n'komwe.

"Bwana, utsi ukaoneka tidzuka. Khalani pansi, dzuwali likuyuwitsirani digiri."

Ndinakhala, ndi maganizo oti ndiwagonjetse kaye kenako ndiwaletse. Tsikulo ankasewera mtundu wa poka umene amautcha Holdemu, womwe ndinkaudziwa pafoni ndili kusukulu. Aliyense amalandira makadi awiri obisika. Kenako wogawa amayala asanu pakati, atatu kaye, lina limodzi, kenako lomaliza, ndipo akayala anthu amaponya zitsekerero kapena kugonja n'kutaya makadi awo. Asanu apakatiwo ndi a aliyense, ngati mjigo wa m'mudzi. Umaphatikiza ndi ako awiri aja n'kusankhapo asanu abwino koposa. Masiku awiri ndinawakolola, mpaka ndinayamba kuwauza kuti zonsezi ndi masamu chabe.

Lamulo la m'shedimo linali lakuti wogawa ndiye amatchula mtundu wa poka umene useweredwe. Tsiku lachitatu a Nkhata atagwira makadi ananena liwu limodzi, Omaha, koma ine ndinali mkati mofotokozera dalaivala wa thirakitala chifukwa chake mizere yotchinga moto inalimidwa molakwika. Nditaona makadi anayi m'manja m'malo mwa awiri, ndinangoti mwina mdala wandikomera mtima. Pakati panagwa mitima inayi. Ine ndinali ndi eyisi ya mtima. Mu Holdemu amenewo ndi makadi asanu a mtundu umodzi, chimene amati fulashi, ndipo ya eyisi palibe fulashi ina yoiposa. Ndinakankha zitsekerero zanga zonse, n'kutembenuza makadi ndikumwetulira ngati phungu. A Nkhata anawayang'ana nthawi yaitali.

"Nanga mtima winawo mwauika m'thumba, bwana?"

Shedi yonse inafa ndi phwete. Mu Omaha uyenera kutenga makadi awiri a m'manja mwako ndi atatu apakati, osachepera, osapitirira. Ndi mtima umodzi ndinalibe kalikonse. Anadya zonse dalaivala uja ndi maseveni atatu chabe, ndipo ine ndinasenza zigubu ziwiri kuchokera kudamu nditavala malaya oyera. Ndiye Tawonga, usanakhudze khadi lililonse, dziwa kaye kuti patebulopo pali masewero ati. Ndipo popeza iwe ukakhala wogawa, uzikatchula mokweza, ngakhale kawiri, chifukwa patebulo lililonse pamakhala mmodzi wonga ine amene akumva mawu ake okha.

Izi zinazi usawauze amayi ako, chifukwa zinachitikira pafupi ndi shopu yawo. Loweruka lina nyengo ya fodya ndinatsika pa Jenda, ndipo kuseri kwa sitolo ina ndinapeza mavenda akusewera poka ya ndalama zenizeni, dzuwa lili pamutu. Unali mtundu wakale uja amati dulo. Mmenemo pakati sipayalidwa kanthu. Umalandira makadi asanu onse obisika, mumaponya, kenako umaloledwa kamodzi kokha kutaya amene sukuwafuna n'kulandira ena, mumaponyanso, basi mukuonetsana. Choyang'ana palibe kupatula nkhope za anzako ndi kuchuluka kwa makadi amene asinthitsa. Ndinati ndakhwima ku Luwawa, ndinakhala. Ulendo wina ndinalandira makingi awiri, dzanja loti munthu wodekha amalisunga n'kusinthitsa atatu enawo. Ine ndinaona kuti kupambana pang'ono n'kuchedwa. Ndinataya kingi mmodzi pofuna fulashi, ndipo chimene chinabwera ndi kathiri kopanda ntchito. M'malo modzuka ndinati ndibweze zanga. Mawu amenewo, akuti ndibweze zanga, ukakawamva patebulo lako udziwe kuti munthuyo wayamba kumira. Pofika nthawi ya minibasi yomaliza ndinali nditavula jombo zanga zakuntchito, ndipo ndinakwera phiri la ku Luwawa ndi mapatapata ogula pamsewu.

Lolemba pandandanda wa m'mawa a Nkhata anayang'ana mapazi anga, ndipo kuyang'ana kwawoko kunandipweteka kuposa phwete lija. Masana akunola cheka ndi pamene anandiuza kuti zaka zonse zimene anasesa ku Joni anaona anthu akubwera pa galimoto zawo n'kubwerera wapansi, ena ophunzira kuposa ine. Anati amene ankatuluka tsiku lililonse ndi nsapato zomwe analowa nazo anali awiri okha, wogawa makadi ndi wosesa. Chiyambire tsiku limenelo sindinaseweretsepo ndalama. Iwe malo ako ndi mbali ya wogawa. Usakazungulire tebulo, ngakhale kwina kumene mabwana ako sakuona, ngakhale anzako atati n'zocheza chabe. Ndikubwereza, usakazungulire tebulo.

Mtundu umene unandivuta kwambiri ndi sitadi, ndipo ndi umene a Nkhata amaukonda. Mmenemo palibe makadi a aliyense. Munthu amalandira ake asanu ndi awiri: awiri obisika, anayi oyang'ana kumwamba limodzilimodzi, lomaliza lobisikanso. Ndiye kuti mbali yaikulu ya dzanja la mnzako ili poyera, ndipo amene agonja amatenga makadi ake n'kuwavundikira. Ntchito ndi kukumbukira zimene zadutsa. Ine ndinadikirapo naini mpaka khadi lomaliza, ndikuponya zitsekerero ngati wolemera, pomwe manaini atatu anali atadutsa kale pamaso panga m'manja mwa anthu amene anagonja, ndipo wachinayi anali chigonere poyera kwa dalaivala. Ndinkangoyang'ana zanga. Tsiku lina anatchula razi, imene imagawidwa chimodzimodzi koma wopambana ndi wa makadi otsika koposa, eyisi n'kukhala wamng'ono. Ndinakhala pamenepo ndikunyadira makingi pamene aliyense ankawathawa ngati chitedze. Palinso ina imene zoponyedwa zimagawidwa pakati, theka kwa wapamwamba, theka kwa wotsika, koma imeneyo akakufotokozera okha, ine imandisokonezabe.

Ukanati munthu wosenzetsedwa madzi kangapo konse wamva. Ayi ndithu. Kalata yako yokuitana kumaphunziro itabwera, ndinasangalala kuposa iwe. Mpaka pano sindinasinthe maganizo: mtsikana wodziwa kuwerengera pamtima ngati iwe sayenera kukalamba akuyeza shuga ndi mchere, ndipo dziko lino likuchedwa chifukwa chilichonse chachilendo timayamba tachiopa. Ndinachititsa fotokope kalatayo, ndinaponya paketi ya makadi m'thumba, ndinakwera pikapu ya ku Euthini kwa adada akulu tsiku la msika. Amayi ako anandichenjeza kuti ndidzere kaye kwa ankhazi ako pano pa Boma, chifukwa nkhani ya mwana wamkazi imalowa kwa akulu kudzera kwa mlongo wawo. Ndinawayankha kuti zimenezo n'zachikale, ine ndi akulu tinayamwa bere limodzi.

Akulu ndinawapeza pakhonde ali ndi alendo awiri, akulu a mpingo anzawo. Munthu wanzeru akanapereka moni, n'kufunsa za ng'ombe, n'kudikira alendo apite. Ine moni usanazizire ndinatulutsa kalata. Akulu atamva kuti ndi ntchito ya m'nyumba ya juga nkhope inasintha, ndipo pamenepo ndi pamene ndikanatseka pakamwa. M'malo mwake ndinatulutsa makadi n'kuyamba kuwayala pamphasa yawo, atatu, limodzi, limodzi, ndikufotokoza kuti poka si ufiti, ndi masamu. Mmodzi wa alendo aja anafutukula miyendo yake kuti khadi lisamukhudze. Akulu analankhula motsitsa, m'Chitumbuka chenicheni.

"Wuskapo vinthu ivi pa mphasa yane."

Nditatola makadiwo anawonjezera kuti mwana wa mng'ono wawo sapita kumeneko iwo ali moyo. Anatero pamaso pa alendo, Tawonga. Ukudziwa tanthauzo lake. Mawu amene mkulu wanena pamaso pa anzake sabwezedwa ngati mbuzi yogula molakwika. Ndipo zonse zinali poyera ngati mu sitadi: kuti ndi mkulu wa mpingo, kuti pali alendo, kuti ine ndine wamng'ono m'nyumba yonse. Ndinangoyang'ana zimene ndanyamula ine. Kumene ukupitako udzakumana ndi akuluakulu a pantchito, ena olakwa zoonekeratu. Usakawakonze pamaso pa anthu. Funsa kaye anzako akale kuti nkhani imalowera khomo liti.

Ankhazi ako atamva anandiitanitsa kubenchi lawo la nyemba mumsika muno. Anandifunsa ngati sukulu yonse ija panalibe tsiku limodzi lophunzitsa pogogoda. Atatopa kundikalipira anati ndiwaonetse ntchito yeniyeni imene ukagwire, za osewerazo ndizisiye. Ndinasuntha mbale zoyezera n'kuwaonetsa mmene wogawa amasakanizira makadi, mmene amagawira kuyambira kumanzere kwake, ndi mmene amatayira khadi lapamwamba chafufumimba asanayale apakati, kuti ngati wina analiona kumsana lisamuthandize. Anandifunsa mafunso atatu okha. Kodi mwanayo amasankha woti amupatse zabwino? Ndinati ayi. Kodi zimene aponyazo amadyako? Ndinati ayi, iye ali ndi malipiro ake, wopambana akhale uyu kapena uyo. Nanga akakangana amaweruza ndani? Ndinati iyeyo, poyang'ana makadi, osati nkhope, ndipo zikamukulira amaitana wamkulu wake. Anangoti mbwenu, zakwana, n'kundiuza kuti ndichotse makadiwo makasitomala angawaone.

Anapita ku Euthini n'kukhalako masiku anayi. Ine ndinkawaimbira m'mawa ndi madzulo, mpaka anazimitsa foni. Andiuza lero kuti masiku awiri oyamba sanatchule dzina lako n'komwe. Ankasenda mtedza ndi alamu awo, ankafunsa za denga la khola. Tsiku lachitatu kunali ukwati mudzi woyandikana nawo, anapha ng'ombe, ndipo monga mwa nthawi zonse anadzaitana adada akulu kuti akagawe nyama. Mwina sunaonepo, popeza unakulira pa Jenda. Dera lonse lija ng'ombe ikagwa amaitana iwowo, chifukwa amadziwa chiwalo chopita kwa eni mwana, chopita kwa akuchimuna, chopita kwa amayi ophika, ndipo chikhalire palibe amene anawagwirapo akukhotetsera mpeni kwa m'bale wawo. Iwo eni sadzisankhira. Amalandira chimene eni ng'ombe awapatsa pomaliza.

Pobwerera, akukankha njinga, ankhazi anawafunsa ngati munthu wogawa nyama paukwati amene pali mowa amakhala kuti waledzera nawo. Akulu anati ayi, wogawa amayenera kukhala wa maso kuposa onse. Ndiye ankhazi anati, "Adumbu, mwana wa mng'ono wanu amuitana kuti akagawe pakati pa anthu osadziwana, chifukwa manja ake ndi owongoka. Dzanja limenelo si la ku Dedza. Ndi lanu." Akulu anangopitiriza ulendo. Anafika kunyumba, anasamba, anadya, n'kukagona. M'mawa mwake anauza ankhazi kuti anditumizire uthenga woti ndibwere.

Ndisanakuuze za lero, tamva izi, chifukwa ankhazi ayamba kale kumanga katundu ndipo akundiyang'ana. Patebulo padzakhala amene adzakutukwana makadi akawakana, ngati ndiwe unawalemba. Usakayankhe. Padzakhala amene adzakutcha mlamu, mkazi wanga, mwayi wanga, n'kukufunsa kuti aponye kapena agonje. Usakalangize munthu, ngakhale ndi nsidze. Ukalakwitsa pogawa, imitsa pomwepo n'kunena, usakabise, chifukwa cholakwa chobisika m'nyumba zimenezo chimasanduka kuba. Manja ako azikhala poonekera. Ndipo uziwaimbira amayi ako Lamlungu lililonse, osati mauthenga a mawu atatu aja umanditumizira ine. Anyamula zambiri m'masabata amenewa popanda wowafunsa.

Lero ndinafika ku Euthini m'mawa. Sindinalunjike pakhonde. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri mpaka ankhazi anadzanditenga, ndipo pakhondepo panali ife atatu basi. Akulu analankhula nthawi yaitali za abambo ako, mmene ankakunyamulira pakhosi popita kudibi la ng'ombe. Kenako anati makadi sawakonda ndipo sadzawakonda, juga ndi msampha wa Satana, pa zimenezo asawavutitse munthu. Koma anati wogawa ndi wogawa. Kwa akulu a mpingo aja akanena okha kuti nkhaniyi inawafika molakwika poyamba, kudzera mwa mwana wopanda mwambo, ndipo tsopano yawafika bwino. Mwana wopanda mwamboyo ndine, ndipo dzinalo ndalilandira ndi manja awiri. Pomaliza anati:

"Apite. Koma Khirisimasi ndimuone pano. Ndidzamufunsa ngati anakhalapo pampando wa osewera, ndipo adzandiyankhe akundiyang'ana."

Mawa abwera okha pa Jenda kudzakupempherera basi isananyamuke. Anyamuka ndi pikapu yoyamba. Ukawaona ugwade, ulandire zimene anene, ndipo ndapota chomene, usawafotokozere kalikonse. Mwina adzanena zinthu zokhudza poka zimene si zoona kwenikweni. Lero ananena kuti mitundu yonseyo ndi chinthu chimodzi, kusiyana maina okha. Ndinamva yankho likukwera pakhosi, lonse lathunthu, kuyambira Holdemu mpaka razi. Ankhazi ako anandiponda chala ndi chidendene, ndipo ndinaomba m'manja n'kunena kuti yewo, basi. Chitulukireni ku yunivesite sindinalankhulepo mawu afupi chonchi, ndipo ndi okhawo amene andigwirira ntchito.

Pita bwino, mwana wa Mhlanga. Khomo lakwanu lili chitsegukire.

Ndine adada ako aang'ono,
Vitumbiko